Oyilo wa Kachule

Atate anabwerera kumudzi ndi galimoto imene munthu woganiza bwino sakanapita nayo kumudzi ngati wa ku Zemba. Inali yofiira, ya zitseko ziwiri ndi mipando iwiri basi, yaifupi mwakuti mimba yake inkangotsala pang'ono kukhula pansi. Anaigula kwa mzungu wina wa ku mgodi amene ankabwerera kwawo, ndipo ku Kopala, dera la migodi kumene ine ndinabadwira, inkatipatsa ulemu m'komboni yonse ya anthu a pa mgodi. Ikangolira pa mphambano, anthu ankadziwa kuti atate aweruka. Koma tsiku limene tinafika nayo kumudzi, ana atangoiona ikudumphadumpha m'njira ya ngolo anayamba kufuula kuti kwabwera kachule. Dzinalo linamatirira, moti ngakhale amayi ankaitchula choncho atate akachokapo.

Chinali chaka chotsatira chilala chija tinadya chimanga chachikasu. Ntchito ya ku mgodi inali itatha, monga inathera kwa azibambo ambiri nthawi imeneyo. Amayi ndi ang'ono anga anatsogola pa lole pamodzi ndi katundu. Ine, mwana woyamba, ndinakwera ndi atate. Ndinali kale mtsikana wamkulu, wa pakamwa pakuthwa, wodziwa za m'tauni zokhazokha.

Mudzi umene tinafikirawo unali wa kwawo kwa amayi, ndipo zimene ndinapezako zinandipsetsa mtima. Ku Kopala mwini nyumba anali atate. Akanena kuti lero palibe wopita ku kanema, nkhani inkathera pomwepo. Kumudzi ndinapeza kuti atate ndi mkamwini, mlendo wodzakwatira, ngakhale kuti imvi zinali zitayamba kale. Munda anachita kuwapatsa, malo omangapo nyumba anachita kuwalozera. Nkhani zonse zokhudza ife ana zinali m'manja mwa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene anali mwini mbumba. Pa nkhani za banja atate ankakhala kumapeto kwa mphasa, akuwomba m'manja pamene ena awomba. Ine zinkandiwawa kuona munthu amene ankalamula gulu lonse la amuna pansi pa mgodi akudikira kuti apatsidwe mpata wolankhula za ana ake omwe.

Sindinganame kuti amalume anali munthu woipa. Anali munthu wa mimba ndi phwete, wopatsa, wosachedwa kuiwala mkangano. Anali ndi chigayo cha dizilo kumapeto kwa mudzi, ndipo tsitsi ndi nsidze zawo zinkakhala zoyera ndi ufa ngakhale Lamulungu. Iwo ndi atate ankakondana m'njira ya alamu, kunyogodolana kuyambira m'mawa. Ndipo palibe chimene ankanyogodolana nacho kwambiri kuposa oyilo.

Amalume ankathira m'chigayo mwawo oyilo wokhuthala wa nambala fote, yemweyo ankathira oyendetsa malole a thonje, yemweyo ankadonthezera aliyense pa tcheni cha njinga. Atate ankamutcha phala. Galimoto yawo, iwo ankati, chichokere ku fakitale sinalawepo oyilo wina koma wa sinthetiki, wochita kupangidwa mwaluso osati wongosefa, ndipo siidzalawa wina iwo ali moyo. Mawu amenewa sananene kamodzi. Anawanena pa chigayo, anawanena pa maliro, anawanena panja pa tchalitchi.

"Alamu, kachule kanu kamadya bwino kuposa ana anu," amalume ankatero.

"Awe," atate ankayankha, poti mawu ena a ku Kopala sanawachoke pakamwa. "Inu phala lanulo muzithira m'chigayo momwemo. Iyi ndi galimoto."

Kunena zoona, galimotoyo sinkapita kulikonse. Inkakhala m'kashedi ka udzu kuseri kwa nyumba, yofunditsidwa bulangete lakale. Loweruka lililonse atate ankaivundukula, kuipukuta, kuiliza pang'ono, kenako n'kuifunditsanso. Fungo la m'kashedimo ndimalimvabe mpaka lero: chikopa cha mipando, petulo, ndi udzu wouma. Ndikadutsa pa galaja iliyonse mtima umandibwezera kumeneko.

Patapita zaka zingapo ndinapeza mwamuna, mphunzitsi wa ku Mlolo. Abale ake pobwera kudzafunsira anapita kwa amalume, monga mwa mwambo. Atate anamva madzulo ake kuchokera kwa amayi. Ankhoswe anasankhidwa, tsiku linakhazikitsidwa, m'mwezi wa Julaye, anthu atakolola. Ukwati unali wokadalitsidwa ku tchalitchi chachikulu ku boma, chifukwa kwathu kunali kanyumba kopemphereramo chabe, kopanda abusa. Anagwirizananso kuti wondilowetsa m'tchalitchi adzakhala amalume. Pa zonsezi atate anangowomba m'manja. Koma anthu atayamba kunyamuka, anatsokomola n'kupempha chinthu chimodzi.

"Mwanayu ku boma ndidzapita naye ndine, pa galimoto yanga."

Alangizi, amayi achikulire amene ankayenera kundilanga ndi kundiperekeza, anakana kwamtuwagalu. Mkwatibwi sayenda yekha, anatero, payenera kukhala mayi pambali pake womugwirira nsalu. Nanga m'kachulemo mlangizi akhala pati, pa denga? Anthu anaseka. Amalume anaseka kuposa onse, kenako anapukuta misozi n'kunena kuti, "Asiyeni alamu, nawonso aonekeko. Ife tidzatsatira pa lole." Ananena mokoma mtima, koma ine mawu akuti "nawonso" anandibaya.

Kuyambira tsiku limenelo atate anasanduka munthu wina. Anayamba ndi msewu. Ngolo za ng'ombe zinali zitakumba mbali ziwiri za njira n'kusiya msana wautali pakati, woti galimoto yawo ikanakhalapo ngati nkhuku pa mazira. M'mawa uliwonse ankanyamula khasu n'kumakasalaza msanawo, kukwirira maenje, kuzula zitsa, kuchoka pakhomo mpaka kukafika pa msewu waukulu wafumbi, wosalazidwa ndi giredala. Anthu opita ku minda ankawafunsa ngati khonsolo yawalemba ntchito. Iwo ankangoyankha moni n'kupitiriza.

Kenako inabwera nkhani ya oyilo. Amene anali mu injini anali atakhalitsa, ndipo atate anati mwana wawo sangakwere galimoto ya oyilo wakuda. Koma asankhe uti? Pawindo la kuchipinda kwawo panali timabotolo ta oyilo wotsalira amene anabwera naye kuchokera ku Kopala, kalikonse ndi nambala zake: 5W-30, 5W-40, 15W-50. Tsiku lina m'mamawa, mame asanaume, anandiitana kuseri kwa nyumba. Anali atatenga galasi la windo limene linatsala pomanga, ndipo anati ndiligwire mopendeketsa. Anadontheza oyilo wa m'kabotolo kalikonse m'mwamba mwa galasilo, madontho oyandikana, n'kugwada kuti aone mmene akutsikira. Zala zanga zinali zitauma ndi chisanu.

"Ukuona?" anatero. "Nambala yoyambayi, ya pafupi ndi W, ndi ya m'mawa. Ikakhala yaing'ono, oyilo amathamanga ngakhale kukuzizira, amakafika kumutu kwa injini zitsulo zisanayambe kudyana. Taona wa fifitiniyu mmene akuzengerezera. Yachiwiriyi ndi ya masana. Ikakhala yaikulu, oyilo sasanduka madzi injini ikatentha."

"Ndiye mungotenga wothamangayo, nkhani ithe," ndinatero, poti ndinkafuna kukaotha moto.

"Othamanga alipo awiri. Udikire masana."

Masana anaika galasilo ndi timabotolo tija padenga la malata mpaka zinatentha, n'kundiitananso. Ulendo uno wa sate, 5W-30 uja, anatsika ngati madzi. Atate anapukusa mutu. Galimotoyi yakalamba, anandiuza, zitsulo zake zinatakasuka, ndipo oyilo wopyapyala chotere angamangodutsa m'mipata n'kumapsa. Komanso msewu wathu ndi wa giya yoyamba ndi yachiwiri, injini idzatentha ngati tili mu Okutobala. Wa fifite angagwire bwino kutenthako, koma nanga m'mawa wa Julaye, galimoto itagona m'chisanu? Ndinkaganiza kuti atha, koma mawa lake anayambiranso. Anayesa kukuzizira, anayesa kukutentha, anayesa atafunditsa kabotolo m'madzi otentha. Ankapaka oyilo pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, n'kumatambasula pang'onopang'ono akuyang'anitsitsa kaulusi kake.

"Inu atate ake," amayi anatero tsiku lina akupeta mtedza, "mwana wanuyu mwamuna anamusankha msanga kuposa mmene inu mukusankhira oyilo."

"N'chifukwa chake ndikuti ine ndisaphonye," atate anayankha, osatukula mutu.

Masiku amenewo ndimawasowa kwambiri. Panalibe china chimene ine ndi atate tinkaloledwa kuchitira pamodzi pa ukwati wanga. Za diresi zinali za amayi, za mwambo zinali za alangizi, za alendo zinali za amalume. Ife tinali ndi galasi lathu kuseri kwa nyumba, ndipo ngakhale ndinkanyinyirika, ndinkadzuka ndekha asanandiitane.

Pomaliza anasankha 5W-40: wopepuka m'mawa, wogwira masana. Ku boma kunalibe, ku Chipata anafunsa m'masitolo onse osamupeza. Anachita kutuma dalaivala wina wa lole amene ankapita ku Lusaka, ndipo panapita milungu tikudikira. Chigubu chitafika, chotuwa, chomata bwino pakamwa, atate anachiika pansi pa bedi lawo. Mudzi wonse unadziwa kuti oyilo wa kachule wafika.

Mlungu wa ukwati ine ananditsekera m'nyumba ndi alangizi. Mkwatibwi akakhala pa chilangizo amakhala pamphasa miyendo atatambasula, mutu pansi, osalankhula pokhapokha atafunsidwa. Kwa munthu wa pakamwa ngati panga chinali chilango chenicheni. Zakunja ndinkangozimvera pa khoma. Ndinamva atate akukhetsa oyilo wakale mu injini, ndinamvanso azibambo omanga chisakasa cha alendo akuwapempha oyilo wakudayo kuti apake mitengo poopa chiswe. Anawapatsa yense. Lachinayi m'mawa anakwera njinga kupita ku boma kukatenga fyuluta, sefa ya oyilo, imene kondakitala wa minibasi anawabweretsera kuchokera ku Chipata.

Dzuwa lili pamutu ndinamva mawu a amalume pakhonde.

"Mlongo, chigayo chaima. Oyilo watsika, ndipo matumba a chimanga cha ukwati akadali mbwee, chimera cha thobwa sindinachigaye n'komwe. Alamu aja ali ndi chigubu, tandipungulireko."

"Alongo, ujatu ndi wa galimoto," amayi anayankha ndi mawu otsika.

"Ndikudziwa. Mawa ndituma munthu ku boma, ndibweza wodzaza. Nanga alendo adzadya galimoto?"

Kenako ndinamva mapazi a amayi akulowera kuchipinda. Ndinaiwala mwambo wonse. Ndinatukula mutu n'kufuula kuti, "Amayi, musapereke! Umenewo sapezeka ku boma!" Mlangizi amene anali pafupi ananditsina pantchafu mpaka ndinaona nyenyezi. Mwana wopanda mwambo iwe, anatero, ukuyankha amalume ako uli pamphasa? Ukachitenso zimenezi kwa apongozi ako? Amalume panja anangoseka kuti mbumba yawo yatengera alamu. Ndinamva oyilo akukhuthukira m'chitini, gubudu gubudu, ndipo pasanapite nthawi chigayo chinayambanso kulira.

Amayi sindiwaimba mlandu. Mkazi wa kwathu sakanamukaniza mlongo wake chinthu chimene chili m'nyumba, makamaka mlongo amene akugaya ufa wa ukwati wa mwana wake. Amalume nawonso, kwa iwo oyilo anali oyilo, monga mchere uli mchere, wobwerekana pakati pa nyumba ndi nyumba.

Atate anafika chakumadzulo. Ndinamva akutsamiritsa njinga, akuimba kamluzu, akulowa kuchipinda. Kenako mluzu unaleka. Ku Kopala denga likanasasuka tsiku limenelo. Kuno ndinangomva mawu a amayi akuti, "Ndikanatani ine? Ndi alongo anga. Ndipo ufawo ndi wa mwana wanu yemwe." Mkamwini sapita kwa mwini mbumba kukaitanitsa chimene chaperekedwa kale, ndipo ngakhale akanapita, oyiloyo anali kale m'mimba mwa chigayo. M'chigubu munatsala ngati theka. Amayi anadzandiuza pambuyo pake kuti atate anapita ku kashedi, anatsegula chitseko cha galimoto, n'kukhala pampando miyendo ili panja mpaka nkhuku zinalowa.

Lachisanu amalume anasunga mawu awo. Anabwera okha, atamangirira pa njinga chigubu chodzaza cha oyilo wa fote, wochuluka kuposa amene anatenga. Pakhomo panali anthu ambiri, azimayi akuphika thobwa, azibambo akufolera chisakasa. Ine ndinasuzumira pa mpata wa katani alangizi atatuluka.

"Alamu, nayu oyilo weniweni," amalume anatero mokweza. "Wanu uja ngwamadzi, chigayo changomwa ngati thobwa. Thirani uyu, kachule kanenepeko."

Anthu anaseka, ndipo onse anatembenukira kwa atate. Aliyense pamenepo anali atawamvapo akulumbira kuti galimoto yawo siidzalawa phala. Atate anawomba m'manja mwaulemu, analandira chigubucho ndi manja awiri, anathokoza, n'kukachiika pansi pa nkhokwe.

Zaka zonsezi ndafunsa amakanika ambiri, ndipo onse amandiuza chimodzimodzi: kusakaniza oyilo awiriwo pa ulendo umodzi wopita ku boma sikukanaononga kanthu. Mwina injini ikanalemera pang'ono m'mawa, basi. Choopsa ndi kuyenda ndi oyilo wosakwana. Atate ankazidziwa zimenezi kuposa amakanika onsewo. Akanathanso kutuma munthu ku boma kukagula oyilo wamba, koma dzuwa lisanalowe nkhani ikanakhala itafika pa chigayo. Anali atalandidwa zonse pa ukwati umenewu, ndipo kamodzi kokha ankafuna kuti chinthu chichitike monga ananenera iwo. Kunali kuuma khosi, sindikana. Koma khosi limenelo ndi lomwe ndinatengera, ndiye sindingaliweruze kwambiri.

Loweruka kunacha ndi chisanu choluma makutu. Ananditulutsa m'nyumba nditavala diresi loyera ndi velo, azimayi akuimba ndi kululutira, ena akuyala zitenje pansi kuti ndipondepo. Galimoto inali pabwalo, yonyezimira, ana atamangirira maluwa a mapepala pa magalasi. Atate anaima pambali pake atavala suti yawo yakuda ya ku Kopala, imene tsopano inkawakhwepa m'mapewa. Mutu wanga unali pansi monga anandilangizira, ndipo chifukwa cha kuweramako ndinaona pansi pa nkhokwe. Chigubu cha amalume chinali pomwepo, chosatsegula. Ndinadziwa kuti mu injini muli theka lija lokha, koma pakati pa nthungululu zonsezo ndikanalankhula ndi ndani?

Anandilowetsa m'galimoto, alangizi akukankhira diresi m'miyendo mwanga ndi kundinong'oneza kuti mkwatibwi saonetsa mano. Atate anakhala pa chiwongolero, anapotokola kiyi, ndipo injini inadzuka nthawi yomweyo, mawu ake osalala ngati kale pa mphambano ya ku komboni.

"Wamva?" anatero, akuyang'ana kutsogolo. "Faifi imeneyo. Chisanu chonsechi, osatsokomola n'komwe."

Tinanyamuka pang'onopang'ono, ana akuthamanga m'mbali, lole ya anthu oimba ikubwera m'mbuyo. Njira imene atate anasalaza inatilandira bwino, mimba ya galimoto osakhudza pansi ngakhale pamodzi. M'madambo munali nkhungu. M'minda munatsala mapesi ndi mitengo ya thonje yokolola kale, ndipo pena ndi pena utsi unkakwera pamene anyamata ankasaka mbewa. Anthu a pa njinga ankatsika n'kuima m'udzu, ena akuvula zipewa, amayi osenza mitolo akutembenuka thupi lonse kuti ationere. Sindinaonepo dziko la kwathu likukongola ngati m'mawa umenewo, ndipo sindinalionenso choncho.

Titafika pa msewu wa giredala, pamalo ena oongoka, atate anandiyang'ana ndi m'mbali mwa diso. Kenako anasintha giya n'kuponda. Galimoto imene inakhala zaka ikungolira m'kashedi inatambasuka, mpando unandikankha kumsana, mphepo inalowa pawindo n'kuulutsa velo yanga mpaka kumaso kwa atate. Lole inatsala m'fumbi. Ndinaseka mano onse panja, ndipo atate anaseka nane, kuseka kwawo kwa ku Kopala kumene ndinali nditakuiwala.

Kanyali kofiira kanayamba kuphethira titawoloka kamtsinje, pokwera chitunda. Kanayaka, kanazima, kanayakanso. Ndinakulira m'galimoto imeneyo, ndipo ndinkadziwa tanthauzo lake: oyilo sakufika kumene ayenera kufika.

"Atate, kanyali."

"Ndakaona."

"Imani. Tidikire lole, mwina dalaivala ali ndi oyilo."

"Tikaima, ukwera lole," anatero. "Alangizi ako sangalole kuti uime pamsewu ndi diresi. Ukafika ndi amalume ako, ine n'kutsala pano ndi boneti yotsegula."

"Ndiye muiphe galimoto chifukwa cha zimenezo?"

Atate anatulutsa kampango koyera m'thumba la jekete n'kukaphimba pa kanyaliko. Anachepetsa liwiro, n'kumayendetsa mosamala ngati munthu wosenza madzi odzaza ndowa, kupewa bampu iliyonse. Pa zitunda zotsika ankaisiya kuti izingotsetsereka. Koma posakhalitsa pansi pa boneti panayamba kumveka kugogoda, poyamba kwapansipansi, kenako koti ngakhale munthu wosadziwa galimoto akanamva. Nkhope ya atate inkachita tsinya pa kugogoda kulikonse. Ndinalira, ndipo sindinalire chifukwa chochoka pakhomo monga amayembekezera kwa mkwatibwi. Ndinkalirira galimoto, ndi munthu amene ankaipha ndi manja ake omwe kuti andifikitse.

Madenga a malata a ku boma atayamba kuoneka, atate anatsokomola.

"Za m'banja akuuza kale azimayi, ine sindiloledwa," anatero. "Changa n'chimodzi. Akamakuvuta kumeneko, usadikire ankhoswe kuti akhale pansi. Ungonditumizira mawu. Ndidzabwera kudzakutenga."

"Pa chiyani, atate?" ndinafunsa, poti injini inali ikugogoda ngati munthu akusula khasu.

"Ngakhale pa njinga."

Tinadutsa pa msika anthu akutiyang'ana, utsi wabuluu ukutitsatira. Titakhota kulowa pa bwalo la tchalitchi, injini inagunda kamodzi mwamphamvu n'kukhala chete. Galimoto inayenda yokha ndi liwiro lotsala, mwakachetechete, matayala okha akumveka pa miyala, mpaka inaima pafupi ndi masitepe. Sinadzalirenso. Patapita masiku anachita kuikoka ndi ng'ombe kubwerera ku Zemba.

Atate anakhala kaye manja ali pa chiwongolero. Kenako anatuluka, anakonza jekete, anazungulira n'kudzanditsegulira chitseko. Ndinagwira mkono wawo potuluka. Nthawi yomweyo lole inafika ndi nyimbo zake, ndipo amalume anali oyamba kudumpha, akubwera ndi nthabwala ili kale pakamwa. Koma ataona utsi ukutuluka m'mbali mwa boneti, n'kumva fungo la zitsulo zopsa, anaima. Anali munthu wa injini nawonso. Anayang'ana galimoto, anayang'ana atate, ndipo ndinaona pankhope pawo kuti amvetsa zonse.

"Alamu," atate anatero ndi mawu odekha, "mbumba yanu iyi. Ndabwera nayo."

Amalume anavula chipewa. Belu linali likulira, mwamuna wanga anali akudikira kutsogolo m'katimo, ndipo atate anayamba kumasula mkono wawo kuti andipereke kwa amalume. Ine ndinaugwira zolimba. Mlangizi anandinong'oneza kuti ndiwasiye, anthu akuona. Ndinatukula mutu, velo ili pambali, maso ali ofiira, n'kunena mokweza kuti aliyense amve:

"Ndilowa ndi atate anga."

Alangizi anayang'ana kwa amalume kuti andidzudzule. Koma amalume anapatuka pa masitepe n'kutambasula dzanja kutilozera khomo. Tinalowa choncho, suti ya atate ikununkha utsi wa oyilo, amalume akutitsatira m'mbuyo chipewa chili m'manja.